Anachisale Sanasiye Mwana, Anasiya Makina

Atsikana, khalani pansi. Ayi, khalani pansi kaye mumve, nawe Memory foniyo itembenuze. Ine amene ndimagona nayo m'manja lero ndaiponya m'chikwama, ndiye mudziwe kuti si zocheza. Zakhala pakhosi panga sabata yonse, ndikapanda kuzilavula ndidwala nazo.

Anachisale tinawaika Loweruka lapitali. Eya, omwe aja, atelala a pakhonde la ku Area 2, khomo loyandikana ndi kasaluni kanga ka zikhadabo. A magalasi omanga ndi ulusi aja. Pano alipo amene sanavalepo chosoka iwo? Iwe Memory, diresi ya chinkhoswe chako anasoka ndani? Basi.

Ndiye tamverani zimene zinachitika kumudzi kwawo ku Mitundu. Mukudziwa mmene zimakhalira pamaliro, amaimirira munthu ndi kapepala kuwerenga mbiri ya malemu. Anabadwa liti, anabatizidwa kuti, anakwatiwa ndi ndani, kenako paja aliyense amatchera khutu: asiya ana angati, zidzukulu zingati. Anaimirira mlongo wawo, bambo woti zaka zonsezi sindinamuonepo pakhonde paja ngakhale tsiku limodzi. Ine foni m'manja ndikujambula, ndimati ndisunge. Vidiyoyo ndili nayo, sinakwane ndi mphindi ziwiri zomwe. Anabadwa, anabatizidwa, anakwatiwa ndi a Mkandawire, anadwala, atisiya. Kenako bamboyo anatsokomola, n'kutsitsa mawu ngati akuulula kuti malemu anaba mbuzi: "Mwatsoka, malemu sanasiye mwana." N'kupinda kapepala, n'kukhala pansi.

Basi! Zaka makumi asanu ndi awiri, basi!

Kumbuyo kwanga ndinamva mayi wina akunong'ona, kunong'ona kwake kofuna kuti timve tonse: "Wangotha ufa wa mwamuna ameneyu." Nditatembenuka, atsikana, mayiyo wavala bulauzi yoyera yosoka Anachisale. Ndinaidziwira kolala, chifukwa kolala yawo palibe telala mu Lilongwe muno amene amaitha. Ndinati chabwino, kapepala kanu kathera pomwepo, mbiri yeniyeni ndikawerenga ndekha. Ndi imeneyi.

Choyamba, musawayese mngelo. Anachisale anali ndi pakamwa. Ukabwera ndi diresi kuti yafupika, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kukuuza kuti usanamizire nsalu, wanenepa ndiwe. Ankafika seveni koloko, a Mkandawire akuwatsitsa pa kagalimoto kawo kakale kaja, m'manja fulasiki ya tiyi wopanda shuga ndi mbatata ziwiri. Asanasoke kanthu ankayamba apukuta makina, kuthira mafuta tidontho titatu, kenako nyimbo ya kutchalitchi mapini ali kukamwa. Mawu awo oimbira anali oipa, ndisaname. Makasitomala anga ankafunsa ngati kunja kuli mbuzi yomangidwa. Makina amagetsi ankawakana, ati magetsi akazima iwo miyendo yawo sizima.

Anthu ankawaseka kuti mkazi wa bwana wa ku Capital Hill, nyumba ku Area 47, n'kumadzapuma fumbi la pakhonde ku Old Town. Iwo ankati mpanda wa njerwa sucheza ndi munthu.

Ine ankanditcha Nafoni. Tinayambanapo kwambiri. Ndinawaonetsa diresi pafoni, yong'ambika mpaka m'ntchafu, kuti andisokere chimodzimodzi. Anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti mtsikana wa pachithunziyo wagwira mpweya, akangopuma diresi iphulika. Ndinawauza kuti ndi otsalira. Masabata awiri osapatsana moni, khomo ndi khomo! Tsiku lina ndinangopeza diresi ili pampando wanga, yosokedwa mmene iwo anafunira. Ndipo inandikhala kuposa ya pafoni ija. Zinandinyansa kuti anali olondola.

Tsono nkhani ya mwana. Amayi a msinkhu wawo onse timawaitanira dzina la mwana, amake uje, amake uje. Iwo anakalamba ali Anachisale. Kasitomala wachilendo akafunsa kuti ana ali bwanji kunyumba, sankagwetsa nkhope. Ankangoti ana kulibe, koma bambo ali bwino, nkhuku zikuikira, mapapaya akupsa, kwezani mkono ndiyeze. Wofunsayo ndi amene ankachita manyazi. Ndipo chimene ankachikonda kusoka kuposa zonse ndi timadiresi ta ubatizo. Ana a mpingo wathu theka anabatizidwa atavala za m'manja mwawo.

Ine sindikanazitengera mumtima chonchi pakanapanda asisi anga, Tadala. Ena mukuwadziwa. Anakwatiwa ndi a Yamikani zaka zisanu zapitazo, mwana palibe. Amakhala ku Area 47, nyumba ya kuseri, mumpanda mwa apongozi awo, Mayi Kachingwe. Mayi Kachingwe ndi amayi a mpando a gulu la amayi kutchalitchi kwathu, ophunzira, oyenda pa galimoto yawoyawo, koma akamapatsa Tadala moni maso amayambira pamimba. Mwezi uno abwera ndi botolo la madzi opemphereredwa, mwezi wamawa mizu ya kwa azakhali awo. Munthu mmodzi yemweyo! A Yamikani ukawafunsa amangoti amayi ndi amayi.

Asisi anga anatha, atsikana. M'nyumbamo muli chipinda china anachipaka penti yachikasu chaka choyamba, kuikamo kabedi ka mwana, n'kukiya. Kwaya anasiya. Malo a sukulu anawapeza, anakana, ati nanga ndikakhala ndi pakati. Ku maukwati osapita, kuopa mafunso. Mwezi uliwonse foni kwa ine, kulira.

Tsiku lina anabwera pakhonde ndi nsalu, ine ndikupaka kasitomala zikhadabo chitseko chili pululu. Ndinamva akuti, "Anachisale, mundisokere yotakasuka pamimbapa, mwina mwake."

Makina anaima.

"Ine ndimasokera thupi limene labwera," anatero. "Limene silinabwere lidzabwere lokha ndidzaliyeze. Khala pansi, Tadala."

Anamuuza kuti moyo wake wausandutsa minibasi ya pa depoti, yoti siinyamuka mpaka idzadze. Injini ikungolira, mafuta akutha, dzuwa likupendeka, okwera kale atopa. Ati Mulungu sanalembe paliponse kuti ulendo wa mkazi umayamba mwana akakwera.

Asisi anga anapsa mtima. "Inu n'zosavuta kunena, munazolowera."

Eee. Ndinasiya dzanja la kasitomala lili m'mwamba. Ndimati Anachisale aphulika. Koma Anachisale anangovula magalasi, ndipo zimene anafotokoza tsiku limenelo sindinazimvepo kwa munthu wina.

Ati chaka choyamba cha ukwati anasoka zovala za mwana kudzaza sutikesi. Zaka khumi ndi ziwiri sutikesiyo ili pansi pa bedi. Anamwa mizu mpaka kusanza magazi. Abale a bambo anachoka kumpoto ndi mtsikana kudzamusiya pakhomo kuti akhale mkazi wachiwiri, a Mkandawire anamukweza basi yobwerera tsiku lomwelo, ndipo abale awo anawanyanyala zaka. Ati pemphero lawo linatsala limodzi lokha, m'mawa lomwelo, masana lomwelo. Kunena kwathu ife, anali kungomufulasha Mulungu ngati pafoni, osalankhula naye. Kenako Lamlungu lina akuchokera kutchalitchi, bambo ali patsogolo, anaona kuti mutu wawo wachita imvi. Ati anaima pamsewu. Imvi zimenezi zabwera liti? Zaka khumi ndi ziwiri akugona bedi limodzi ndi munthu amene anakana abale ake chifukwa cha iwo, koma osamuyang'ana, maso ali pa kalendala.

Atafika kunyumba anatsegula sutikesi. Zina njenjete zinali zitadya. Zotsalazo anagawa.

Ndipo sananame kuti kufuna mwana kunatha. Ati sikunathe, anangosiya kukugwadira. Anamuuza Tadala kuti kufuna mwana si tchimo, apemphere, apite kuchipatala, ndipo apite onse awiri chifukwa mimba si ya munthu mmodzi. Koma chakudya cha lero adye lero. Amene wapereka tsiku la lero sanalakwitse adiresi.

Diresi anamusokera yomugwira thupi. Asisi anga anaitenga mokwiya, osathokoza.

Tsono chimene chinagwedeza mpingo ndi cha chaka chatha, Lamlungu la Tsiku la Anakubala. Mukudziwa mmene timachitira, amayi onse chitenje chofanana, ana kubwera ndi mphatso, nthungululu. Mayi Kachingwe atenga maiki. "Amayi onse obereka aimirire!" Mbali yonse ya amayi inaimirira. Otsala pansi awiri okha, Tadala ndi Anachisale, benchi imodzi. Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma ayi. Mayi aja anakweza dzanja, mawu atawakometsa ngati uchi: "Tsono alipo ena pakati pathu amene Ambuye sanawakumbukire. Abwere kutsogolo kuno agwade, tiwamasule."

Mpongozi wawo, atsikana! Pamaso pa mpingo wonse! Ndipo anthu anali atatulutsa kale mafoni. Ine ndemwe, wa foni, tsiku limenelo ndinaona kunyansa kwa foni.

Ndinaona asisi anga akudzuka. Anachisale anawagwira lamba kumbuyo n'kuwakhazika pansi ngati mwana wa sukulu. Kenako anadzuka iwo. Bondo lawo linali lovuta, ndiye anayenda pang'onopang'ono, tchalitchi chonse zii, kumangomveka nsapato. Atafika sanagwade. Anatambasula dzanja kufuna maiki. Mayi Kachingwe osaisiya. Ndiye anaigwira onse awiri, wina uku wina uku.

"Amayi a mpando," anatero, "mwati sanandikumbukire? Nanga amene wakhala akundidzutsa m'mawa zaka zonsezi ndani?"

"Anachisale, tikufuna kukuthandizani."

"Zikomo. Ndithandizeni kuthokoza, chifukwa ndekha sindimaliza. Tsekani maso."

Ndiye anayamba. Kuthokoza chifukwa cha bambo. Chifukwa cha maso oti akulowetsabe ulusi pa singano. Bondo limodzi labwinolo. Mapapaya. Mvula ya chaka chatha. Mwana aliyense amene anamusokera ya ubatizo, kumutchula dzina, mmodzimmodzi, ena ali pomwepo ndi ndevu zawo. Anthu ataimirira aja miyendo inayamba kuwawa, kukhala pansi osatheka chifukwa ndi pemphero. Mayi Kachingwe dzanja lili pa maiki, thukuta kamukamu. Atanena ameni anasiya maiki, n'kuwayang'ana mayi aja kuyambira kumutu mpaka kumapazi: "Siketiyi yakwera kumbuyo. Mubweretse Lolemba."

Kumbali ya abambo munthu mmodzi yekha anaomba m'manja. A Mkandawire. Okha, osafulumira, mpaka abusa anayambitsa nyimbo.

Sabata yotsatira Tadala anabwerera ku kwaya. Januwale anayamba sukulu ija. Loweruka lililonse ankabwera pakhonde kuphunzira kusoka, akutukwanidwa kuti mzere wake ukuyenda ngati woledzera. Ndinamvanso asisi anga akuseka, kuseka kwenikweni, kumene ndinali nditakuiwala. Anawakokanso a Yamikani, n'kupita kuchipatala onse awiri. Kuti mwana alipo? Ayi, palibe mpaka lero. Ndipo musandiyang'ane choncho ngati nkhani yalakwika mathero. Ndi maso omwewo amene ndikuwanena.

Koma Mayi Kachingwe sanaiwale. Mayunifolomu a gulu anawasamutsira kwa telala wina. Kenako kunayamba kuyenda mawu, pa gulu la pafoni la amayi a tchalitchi, oti za ana musamapititse kwa Anachisale, manja awo ndi ouma. Akhristu! Ovala zoyera! Anachisale anangoti zili bwino, msana upumeko. Koma ine ndinali khomo loyandikana, ndinaona. Panali kadiresi ka ubatizo kamene anali atamaliza, ka timaluwa m'khosi, anakapachika pa msomali kudikira mwini wake. Mayi wa mwanayo sanabwere. Ubatizo unadutsa. Tsiku limenelo Anachisale sanaimbe. Tiyi anabwerera naye kunyumba. M'mawa mwake anafika seveni koloko, tidontho titatu ta mafuta, nyimbo ija ya mbuzi n'kuyambiranso. Kadiresiko sanakachotse.

Tsiku lina posachedwapa anagwa pakhonde pomwepo masana, tepi ili m'khosi. Kuthamanga kwa magazi. Masiku anayi kuchipatala, basi.

Ndipo mukudziwa amene ankatsogolera nyimbo pamaliro? Amene analira mokweza kuposa onse, mpaka kugwiridwa mikono? Amene anaika nkhata yaikulu ngati tayala la thirakitala? Mayi Kachingwe. Ndinachoka pamanda ndisanalavule pa nsapato za munthu.

Tsono ndafika pamene pandivuta. Lachiwiri a Mkandawire anabwera okha pakhonde ndi galimoto yaikulupo yobwereka, kunyamula makina, ulendo ku Area 47 kwa Tadala. Ine ndinakwera nawo. Ati malemu ananena kalekale kuti makinawa ndi a Tadala. Titatsitsa, a Mkandawire anatsegula kadilowa ka m'mbali mwa makinawo. Munali tepi, choko, ndi kachipewa ka mwana, koyera kosanduka chikasu ndi ukalamba.

"Aka kanali ka m'sutikesi muja," anatero mkuluyo. "Kamodzi kokha anasunga. Sanakabise, ndipo sindinawaonepo akukalirira. Kankangokhala pamenepo iwo akugwira ntchito."

Asisi anga anapita kukatenga kiyi, kutsegula chipinda chachikasu chija, kumasula kabedi, kukaimika kukhoma, n'kukokera makina pawindo. Zaka zisanu windo limenelo lisanatsegulidwe. Ndinaona mphepo ikulowa.

Lachitatu Mayi Kachingwe anamva kulira kwa makina ali kunyumba yaikulu. Anabwera osagogoda.

"Makina a chumba m'chipinda cha mdzukulu wanga? Tadala, ukufuna kutseka mimbayo mpaka kalekale?"

"Amayi, ndi makina chabe."

"M'mpanda mwanga ayi. Pofika Lamlungu atuluke. Akapanda kutuluka, utuluka nawo."

Munthu amene Loweruka ankagubuduka pamanda! A Yamikani anali pomwepo. Mukudziwa chimene ananena? "Tangowachotsani kaye, amayi mtima utsike." Kaye. Mawu a anthu amantha onse ndi kaye.

Dzulo asisi anditumizira uthenga. Akuti ndiwasungire makinawo ku saluni kwanga kwa kanthawi, zinthu zizizire. Ndikawalandira, banja lapulumuka, palibe wothamangitsidwa. Koma asisi anga ndikuwadziwa. Makina akatuluka, kabedi kabwerera pakati, chitseko chikiyidwa, minibasi yabwerera pa depoti. Ndikakana, mwina alimba mtima, mwinanso a Yamikani apeza pakamwa pawo. Kapena Lamlungu madzulo ndidzaona asisi anga pakhomo panga ndi zikwama, chifukwa cha ine.

M'mawa uno ndafika msanga, ndinaima pakhonde paja. Pa simenti pali timaenje tinayi pamene miyendo ya makina inadya zaka zonsezi, ndi banga lakuda la mafuta pakati. M'ming'alu mwadzaza tiulusi, tofiira, toyera, tobiriwira, tsache silitichotsa. Pakhoma pali chizindikiro cha pamene ankatsamira mutu. Kadiresi ka ubatizo kaja kakadali pa msomali, katuwa ndi fumbi, palibe amene akufuna kukagwira. Eni nyumba akuti malowo awapereka kwa wogulitsa makava a foni mwezi ukatha. Seveni koloko inakwana, magalimoto akudutsa, mavenda akukuwa, koma pakhondepo zii. Ndinapezeka ndikudikira nyimbo yoipa ija.

Kuchokera pa timaenje tija kufika pakhomo la saluni yanga ndi mapazi awiri okha. Malo oika makina alipo, sindinganame kuti palibe.

Uthenga uja ndauwerenga, ndipo asisi akuona kuti ndauwerenga. N'chifukwa chake foni ili m'chikwama. Lamlungu ndi mkuja. Ndiye tandiuzani, atsikana, mukanakhala inu, makinawo mukanawalandira?